Mutu wa ngoma wapakhoma umayambira pa mpeni ndi mchere

Anthu ambiri akalowa m'hotela kapena m'nyumba ya bwana ku Borrowdale, dera la anthu olemera ku Harare, n'kuona mutu wa njati uli pakhoma, maso ali tong'o, amayesa kuti ndi mutu womwewo anangoudula n'kuuyanika. Ena amati m'katimo anafwatikamo udzu. Inenso ndinkaganiza choncho mpaka tsiku limene malume anga ananditengera kuntchito kwawo, shedi ina ya kumafakitale kuno ku Harare. Iwowa anatha zaka zambiri akusenda nyama m'misasa ya alenje kuchigwa cha Zambezi, ndipo miyendo itayamba kukana anabwerera m'tauni. Patebulo panali ngoma, nyama ya nyanga zopotana ija Ashona amati nhoro. Anaigogoda pakhosi ndi chala, ndipo inalira ngati chipanda chouma.

"Mphwanga," anatero, "pa nyama yonseyi za Mulungu ndi chikopa ndi nyanga basi. Zinazi n'zathu."

Ntchitoyi imatchedwa taxidermy, mawu ochokera ku Chigiriki otanthauza kusanja chikopa. Ife tilibe dzina lokhazikika. Malume ankangoti kuimika nyama. Amaumba thupi la nyamayo ndi zipangizo zina, kenako n'kuliveka chikopa chofufutidwa bwino. Pali chitsanzo chapafupi chimene anzanga olowa kudambwe a ku Mufakose ndi ku Mabvuku achiganizira kale, koma chimenecho ndisachitchule, ndingalipitsidwe.

Ku Harare kuno amangomalizitsa. Kukongola kapena kunyansa kwa mutu uja kumatsimikizika kutchire, m'maola ochepa nyama itagwa, m'manja mwa wosenda amene dzina lake silidzalembedwa pena paliponse. Nyama ikafa, mabakiteriya amayamba kudya mizu ya ubweya. M'mwezi wa Okutobala kuchigwa cha Zambezi, ku Chewore kapena ku Dande, kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo chikopa chimene chagona padzuwa maola angapo chimatha ntchito chikuonekabe chabwinobwino. Umadzazindikira patapita miyezi, pochiviika m'madzi, ubweya n'kumathothoka ngati nthenga za nkhuku yothiridwa madzi otentha. Ukathothoka sumeranso. N'chifukwa chake wosenda wodziwa salola kuti nyama aikoke pansi kapena aigoneke pachitsulo chotentha cha galimoto. Amayala udzu kapena masamba, n'kuthamangira nayo pamthunzi. Nyama zina n'zovuta mwachibadwa. Ubweya wa chinkhoma umachoka ngakhale pongochigwira mwamphamvu, ndipo mbawala nayo sichedwa kupala pakhosi.

Kasendedwe kake si kamene tinazolowera pa mbuzi ya pachinkhoswe. Mlenje akafuna mutu, khosi ndi mapewa, chikopa chimene chimafunikacho amachitcha cape, ndipo chimadulidwa mozungulira thupi kumbuyo kwenikweni kwa miyendo yakutsogolo, chapakati pa nthiti. Chotsala amadzadula kushedi, koma choperewera palibe pochitenga. Mpeni umayenda pamwamba pa khosi, motsatira msana, mpaka pakati pa nyanga pamene umagawikana ngati mphanda kulunjika patsinde pa nyanga iliyonse. Pammero sipafika mpeni. Kuzungulira nyanga sadula, amakankha chikopacho ndi chitsulo chobuntha kuti chichoke chathunthu. Pamaso ndiye pamaonekera ukatswiri. Malume ankalowetsa chala m'diso kuchokera kunja, n'kukweza chikope, mpeni n'kumayenda kunsi kwa chalacho mogunda fupa. Ankati ukadzicheka chala ndiye kuti chikope wachipulumutsa. Milomo amaidula m'kati, pafupi ndi nkhama, kuti patsale chikopa chodzapinda.

Akachotsa chikopa kumutu, ntchito ya tizigawo imayamba, ndipo ndi imene waulesi amaidumpha. Makutu amawatembenuza ngati sokosi mpaka kunsonga, polekanitsa chikopa chakumbuyo ndi chichereŵechereŵe. Milomo amaing'amba m'kati n'kuiyala, mphuno chimodzimodzi, chifukwa mnofu uliwonse wobisika umene mchere suufika umawola. Nyalugwe ndi mkango amasenda mpaka chala chilichonse, zikhadabo n'kutsalira kuchikopa, mchira n'kuung'amba mpaka kumapeto. Mbidzi ili ndi mafuta achikasu kunsi kwa chenjerere, ndipo akapanda kuwapala amadzadetsa chikopa chonse. Chikopa cha njati n'chokhuthala moti pakhosi amayamba achipala kuti mchere ulowe. Cha njovu ndi cha mvuu amasenda m'zigawozigawo. Malume ankasimba kuti nyalugwe akabwera pamsasa iwo ankayamba awerenga ndevu zake bwana akuona, poti ndevuzo anthu ankazisolola usiku kukapangira mankhwala, mlandu n'kugwera wosenda.

Kenako mchere. Uyenera kukhala wosalala, waukhondo, wosagwiritsidwapo ntchito, ndipo wambiri. Lamulo la malume linali lakuti mchere ulemere ngati chikopacho. Ambiri amayamba achiviika m'madzi a mchere wochuluka kwa maola angapo, kenako n'kuchiyala pansi potsetsereka, ubweya pansi, n'kuchikwirira ndi mchere, kuutikita m'makutu, m'milomo ndi m'mphepete mmene mumakonda kupindika. Mchere umakoka madzi, ndipo popanda madzi mabakiteriya sagwira ntchito. Pakatha tsiku amakutumula wonyowawo n'kuthira watsopano. Pakapita masiku angapo amachipachika pamthunzi podutsa mphepo, ndipo chisanaumitsitse amachipinda, ubweya m'kati, poti chikauma gwa ngati thabwa ukachipinda chimasweka. Padzuwa sachiyanika, mafuta otsalira amasungunuka n'kupsereza chikopa. Chidutswa chilichonse, kaya ndi cape, chibade kapena chikopa chamsana, amachimangirira chikwangwani cha dzina la mlenje ndi nambala. M'nyengo yosaka, kuyambira cha mu Epulo mpaka Okutobala, chipinda cha mchere chimadzaza, ndipo nswala zouma zimafanana zonse.

Ndinaona ndekha zimene zimachitika izi zikalakwika. Mkulu wina wa kutchalitchi kwathu ku Highfield anaitanidwa ndi mnzake wa famu cha ku Chegutu, ndipo anawombera tonde wa nswala wa nyanga zabwino, chilolezo chili m'thumba. Mwachizolowezi cha kwathu anaizinga pakhosi kuti magazi atuluke, n'kudula mutu kunsi kwa chibwano, kuuika m'pulasitiki yakuda, n'kuuponya kumbuyo kwa galimoto. Anafika Lamlungu usiku n'kuuika mufiriji, koma magetsi a kuno mukuwadziwa. Lachiwiri ndiye anabwera nawo kushedi, akumwetulira. Malume anamasula pulasitikiyo, kununkhiza, n'kutsina ubweya kumbuyo kwa khutu. Unatsalira m'zala.

"Bambo, pepani," anatero. "Khosi palibe, ndiye ngakhale chikanakhala chabwino tikanachiveka pa chiyani? Koma nachonso chapita."

"Ndiye palibe chimene mungachite, achimwene?"

"Nyanga ndi zanu, zili bwino. Tikhoza kuyeretsa chibade n'kuchikhoma pathabwa. Mukafuna nkhope, tikugulitsani chikopa cha nswala ina."

Mkuluyo anati nkhope yobwereka sakuifuna, ndipo anasankha chibade. Ndikuona kuti anasankha bwino, ngakhale kuti mitu yambiri yopachikidwa m'nyumba za anthu yavala zikopa za nyama zina eni ake osadziwa.

Chibade nacho chili ndi malamulo ake. Amachiphika pamoto wochepa kuti mnofu ufewe, osati kuchibwatitsa, chifukwa moto wambiri umang'amba mano n'kuyoyola timafupa ta m'mphuno. Nyanga za ngoma, nswala kapena mphalapala ndi zikwama zovala pafupa. Amazizula, kuchotsa mnofu wa m'kati umene ukatsala umanunkha n'kuitana tizilombo, kenako n'kuzibwezera. Fupalo amaliyeretsa ndi mankhwala otchedwa hydrogen peroxide. Mankhwala ochapira zovala aja amayeretsa msanga koma amadya fupa, pakapita zaka limayamba kufumbutuka. Mano a njiri ndi a mvuu amang'aluka akauma, choncho m'kati mwake amathiramo phula kapena guluu. Alenje amakonda kuyeza: ngoma yopitirira mainchesi 50 kapena njati yotambalala mainchesi 40 ndi nkhani ya pamoto usiku wonse. Mwambo wolemba miyezoyi m'buku unayamba ndi Rowland Ward, woimika nyama wa ku London, mu 1892, ndipo bungwe la alenje la Safari Club International lili ndi buku lakelake.

Tsono mapepala. Pa shedi yoona, funso loyamba si lakuti mukufuna mutu uyang'ane kuti, koma lakuti chilolezo chili kuti. Nyama zakutchire ku Zimbabwe zili pansi pa lamulo la Parks and Wild Life Act la 1975, limene linapatsa eni malo mphamvu yoyang'anira ndi kupindula ndi nyama za pamalo awo. Mu 1982 mphamvuyo anaitambasulira ku makhonsolo a kumidzi, ndipo pamenepo ndi pamene panadzamera CAMPFIRE, ndondomeko yoti midzi izipindula ndi nyama za m'dera lawo, mu 1989, kuyambira m'maboma a Nyaminyami ndi Guruve. Bungwe la boma loyang'anira nyama zakutchire la ZimParks, limene likulu lake lili pafupi ndi Botanical Gardens kuno ku Harare, ndi limene limavomereza chiwerengero cha nyama zoti ziphedwe m'dera lililonse pachaka. Mlendo wochokera kunja amasaka ndi mlenje wa laisensi, ndipo nyama iliyonse imene wapha imalembedwa pa fomu ya TR2. Fomu imeneyo ndiyo imatsata chikopa kuchoka pamsasa kufika kushedi mpaka pabwalo la ndege. Woimika nyama naye ayenera kukhala ndi laisensi ndi kaundula wa zimene zalowa ndi kutuluka.

Pamwamba pa izi pali pangano la mayiko la CITES, loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pangozi yotha, losainidwa ku Washington mu 1973. Ambiri sadziwa kuti msonkhano wake wachikhumi unachitikira konkuno ku Harare mu Juni 1997, ndipo ndi pamene njovu za Zimbabwe, Botswana ndi Namibia zinatsitsidwa kuchoka pa ndandanda yoyamba, ya nyama zotetezedwa kwambiri, kupita pa yachiwiri, ya malamulo ofewerapo. Nyalugwe akadali pa ndandanda yoyamba, koma Zimbabwe imaloledwa kutumiza kunja zikopa zosapitirira 500 pachaka, chilichonse chitamangidwa chizindikiro chosamasuka cholembedwa dziko, nambala ndi chaka. Chizindikirocho chikaduka pofufuta ndi nkhani yaikulu. Mnyanga wa njovu amaudinda zilembo ZW, chaka, nambala ndi kulemera kwake m'makilogalamu. Ndipo pali nyama zotetezedwa mwapadera, monga ngaka, chipembere ndi nsato. Kupezeka ndi ngaka kuno chilango chake chimayambira zaka 9 m'ndende. Tsono wina akapha nsato m'khola la nkhuku ku Epworth n'kuganiza zokakonzetsa lamba, ayambe wapita kwa a ZimParks. Shedi imene ingalandire chikopacho mwakachetechete ndi yoithawa.

Katundu wa mlendo akafika ku Harare, pali njira ziwiri. Yoyamba amati dip and pack: zikopa ndi zibade amaziviika m'mankhwala opha tizilombo, kuziumitsa, kuzikulunga chilichonse pachokha n'kuzikhomera m'bokosi, kuti zikaimikidwe kwawo kwa mlenjeyo. Dokotala wa ziweto wa boma amaziyendera n'kupereka satifiketi. Mayiko olandirawo amaopa matenda: njati zimasunga matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi amene amagwira ng'ombe, njiri ndi nguluwe zimayenda ndi chigodola cha nkhumba, ndiye palinso matenda a anthrax. Njira yachiwiri ndi yoimikiratu nyamayo kuno. Alendo ambiri amasankha yoyamba chifukwa bokosi la mitu yomalizidwa ndi lalikulu, ndipo mtengo wa pandege umawerengera malo amene katundu watenga. Ndikuwamvetsa, koma zimandikumbutsa fodya wathu amene amachoka ali masamba, phindu lenileni n'kukapangidwira kwina. Komanso mnyamata amene anakulira kumene ngoma imadumpha mpanda wa munda amadziwa mmene imaimikira makutu ikamva phokoso, kuposa munthu woionera pachithunzi ku Texas.

Chikopa choti chiimikidwe chimayamba chafufutidwa. Amachiviika kuti chifewe, n'kuchiika m'madzi a mchere ndi asidi, muyezo wa asidiyo (pH) uli cha pa 2, kwa masiku angapo. Kenako amachipala pa mpeni wozungulira wa makina mpaka chipyapyale. Dzanja likaterereka pang'ono ndi chiboo. Amapha asidi uja ndi soda, kuchithira mankhwala ofufutira, kuchidzoza mafuta. Amene anakhomapo ng'oma ya gule amadziwa khalidwe la chikopa chosafufuta: chikamauma chimakoka. Pa mbalule kukokako ndiye kumafunika. Pankhope ya nyama ndi tsoka, chifukwa chikopa chimatukuka m'malo olowa monga m'makutu ndi kunsi kwa maso, n'kusiya mphako. Azungu vutoli analipatsa dzina la drumming, kunena kuti chikopa chasanduka ng'oma. Malume ankaseka nazo kuti ngoma yasanduka ng'oma.

Thupi loveka chikopalo masiku ano ndi la polyurethane, thovu louma lopepuka lothiridwa m'chikombole. Amalisankha potsata miyezo iwiri makamaka: kuchokera pakona ya diso kufika kunsonga ya mphuno, ndi kuzungulira khosi. Kawirikawiri silikwana ndendende, ndiye amalicheka ndi sowo, kuwonjezera, kulipala ndi tupa mpaka ligwirizane ndi nyama imeneyo. Chidutswa cha chibade chokhala ndi nyanga amachimanga ndi masikuluwu. Maso ndi agalasi, ndipo apa ndi pamene mungayesere mmisiri. Mwanadiso wa nyama zodya udzu ndi wopingasa, ndipo ayenera kukhala mopingasa ngakhale mutu utapendekeka. Wa mkango ndi nyalugwe ndi wozungulira, osati wong'ambika ngati wa mphaka wapakhomo. Wa ng'ona ndiye woimirira. Kuzungulira diso amaumba zikope ndi dongo, m'makutu n'kulowetsamo tizikombole topyapyala. Akapaka guluu thupi lonse amaveka chikopa chili chonyowa, kuchisuntha pang'onopang'ono mpaka mizere ndi mawanga zikhale m'malo mwake, kusoka msoko wa pamsana, kulowetsa milomo m'kamng'alu kamene acheka, n'kubaya mapini ambirimbiri. Chimauma milungu iwiri kapena itatu, ndipo m'nyengo ya mvula chimachedwerapo. Pomaliza amamata timing'alu, kupopera utoto pamphuno, m'makutu ndi m'zikope poti malo opanda ubweya amafwifwa, n'kupaka mphuno kuti izioneka yonyowa. Mukawerengera mzere wa ntchito za ena, kufufuta ndi mapepala, musadabwe kudikira miyezi 6 mpaka chaka, mwinanso kupitirira. Ambiri amafuna muperekeko ndalama ina poyamba, ndipo kuno nkhani zotere zimakambidwa m'madola a ku America.

Zofwatika udzu zija si bodza lenileni. Kale ankaterodi, n'chifukwa chake nyama zakalekale zimaoneka ngati matumba a chimanga okhala ndi miyendo. Amene anasintha zinthu ndi Carl Akeley wa ku America, amene ankayamba waumba minofu ndi mitsempha ya nyama ngati chiboliboli asanaiveke chikopa. Anamwalirira ku Congo mu 1926. Wofuna kuona ntchitoyi pamlingo waukulu apite ku Natural History Museum ku Bulawayo, imene inatsegulidwa mu 1964, akaime pafupi ndi njovu yoimikidwa imene ili mmenemo. Chenjezo limodzi pa zakalezi: kwa zaka zambiri zikopa ankazitetezera ndi arsenic, amene ndi poizoni. Mutu wakale umene mwagula pa okushoni kapena mwasiyiridwa ndi bwana wopita kwawo, ana asamauseweretse, ndipo mukaugwira sambani m'manja.

Ntchito imeneyi imadalira zoganiza za anthu akutali. Mu Epulo 2014 boma la America linaimitsa kulowetsa katundu wa njovu zosakidwa ku Zimbabwe. Mu Julayi 2015 dokotala wa mano wa ku America, Walter Palmer, anapha mkango wotchedwa Cecil pafupi ndi nkhalango yosungira nyama ya Hwange, dziko lonse n'kuwira, ndipo m'mwezi wotsatira makampani a ndege a Delta, United ndi American analengeza kuti sadzanyamulanso katundu wa mkango, nyalugwe, njovu, chipembere ndi njati. Malume anali akadali pantchito nthawi imeneyo, ndipo ankati mabokosi okhomedwa kale anakhala pakona miyezi, anyamata aganyu n'kuuzidwa kuti ayambe akhala kunyumba. Za kusaka kwa alendoku anthu amatsutsana, ndipo mbali zonse zili ndi mfundo. Wa ku London amaona mkango wokongola. Wa ku Mbire, kuchigwa cha Zambezi, amaona njovu imene yamaliza munda wake usiku umodzi, n'kumafunsa kuti gawo la mudzi wake pa ndalama za alenje lafika liti. Ine ndimangoti amene akutsutsanawo aziwerengerako wosenda, wofufuta ndi wokhoma mabokosi.

Mutu ukafika panyumba, adani ake ndi dzuwa, chinyontho, utsi ndi tizilombo. Musaupachike moyang'anizana ndi zenera, pamwamba pa mbaula kapena pakhoma lolowa madzi m'dzinja. Fumbi muzichotsa ndi bulashi yofewa motsatira kumene ubweya wagonera, maso n'kupukuta ndi kansalu. Njenjete ndi tizikumbu todya zikopa zimayambira mobisika, kumbuyo kwa makutu ndi patsinde pa nyanga, ndipo chizindikiro chake ndi kaufa kogwera pansi.

Mkulu wa ku Highfield uja anaimba foni mvula yoyamba itagwa, ati kunsi kwa nswala yake kukumapezeka ngati gaga m'mawa uliwonse, mayi akunyumba atopa n'kusesa. Malume anapita Loweruka ndi botolo la mankhwala ndi jakisoni wakale. Anatsitsa thabwalo, kugwedeza nyanga yakumanzere mpaka inazuka, ndipo m'katimo munali timphutsi taubweya tikuyendayenda pa kamnofu kamene kanatsalira kunsonga kwa fupa. Anayang'ana nambala yolembedwa kuseri kwa thabwa, n'kupukusa mutu: chibade chimenecho anatsuka ndi iwo omwe. Ndalama ya tsiku limenelo anakana, anangolandira tiyi.